Ilire Ng'oma ya Chiwaya

Wambani ng'oma, anyamata, moto usanazilale. Mbalule ibwere kutsogolo, mpanje ikhale pambali pake, gunda agone pansi ayambe kubuula. Amayi a nthungululu, konzani kummero. Bwalo la lero ndi la amisiri a kanema amene m'matumba mwawo munali mopepuka, amene anaumba dziko la mawa ndi zitsulo zotola, utsi, zidole ndi mdima wa usiku. Bwalo ndi la The Terminator, kanema wa 1984, iye pamodzi ndi makolo ake ndi mbumba yake yonse.

Gu-gu, gu, gu-gu! Ngwe!

Kugunda kumeneku ndinayamba kukumva ndili mnyamata wa kabudula, m'kanyumba ka vidiyo sho kuseri kwa msika. Masiku amenewo dziko lathu linalibe wailesi ya kanema yakeyake, pajatu TVM inadzabwera mu 1999. Kanema tinkamupeza m'tinyumba ta matabwa ndi ziguduli, pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko, mkati muli mabenchi, deki ndi sikirini imodzi yokwezedwa patebulo. Tepi inali yotopa ndi kuzungulira, zithunzi zikuchita mizeremizere, Chingerezi chake sitinkachitola. Koma zilembo zitayamba kuyenda pamdima, kugunda kuja n'kumveka, nyumba yonse inangoti zii, ngakhale otafuna nzimbe anaima. Panja bambo wa tchipisi ankagogoda chiwaya chake ndi supuni kuitana ogula. Sindinkadziwa kuti kulira kwa mkati ndi kulira kwa panja kunali kwa pachibale. Zimenezo ndinena ng'oma ikafika pakati.

Tiyambe ndi makolo, monga mwa mwambo.

Inu a Karel Čapek a ku Prague, Mtcha-dzina, Namkungwi-wa-makina, amene mu 1920 munalemba sewero la R.U.R. n'kupatsa dziko mawu oti loboti! Anakunong'onezani mawuwo ndi mbale wanu Josef, ndipo muzu wake ndi robota, ntchito yokakamiza imene mlimi wosauka ankagwirira mwini malo. Ifetu ntchito imeneyo timaidziwa: agogo athu a ku Thyolo ndi ku Mulanje ankaitcha thangata. Loboti ndi wathangata wopangidwa m'fakitale, ndipo m'sewero lanu lomwelo wathangatayo anaukira mbuye wake. Kwathu kuno dzinalo linatera pa mphambano za misewu, pamene diso lofiira likayaka galimoto zonse zimaima. Sungani diso lofiiralo m'mutima, tikumana nalo.

Inu a H. G. Wells, Mkwera-nthawi, amene mu 1895 munaika chishalo pa makina n'kutumiza munthu kukaona mathero a dziko! Inu a Chris Marker a ku France, Mmphawi-wolemera, amene mu 1962 munapanga La Jetée, mphindi 28 za munthu wobwezedwa m'mbuyo nkhondo itapsereza Paris, zonse ndi zithunzi zoima, kupatula kamphindi kamodzi pamene mkazi atsegula maso! Inu a Michael Rennie, amene mu 1966 munali munthu wa theka chitsulo wochokera m'tsogolo mu Cyborg 2087! Inu a Harlan Ellison, Mlembi-wosalola-kuponderezedwa, amene munadandaula kuti msilikali wanu wa m'tsogolo wa mu The Outer Limits wabedwa, mpaka dzina lanu linadzalembedwa kumapeto kwa kanemayu! Khalani pamphasa, nonse ndinu eni bwalo.

Koma mpando wa ndalema ndi wanu, a Roger Corman. Gogo-wosataya-msomali, Mphunzitsi-wa-amphawi, Mjambula-masiku-awiri, pakuti The Little Shop of Horrors ya 1960 munaijambula m'masiku awiri ndi usiku umodzi. Bwalo lanu la ku Venice, ku California, linali malo akale ogulitsirako matabwa, ndipo m'menemo anyamata ankamata timbale totayidwa togulitsiramo chakudya pakhoma, n'kupaka penti, likhale khoma la chombo cha m'mlengalenga. Munatsikira kulichete mu 2024 muli ndi zaka 98, koma ana a pakhomo panu adzaza dziko.

Gu-gu, gu, gu-gu! Ngwe!

Tsono adzuke mwana wa pakhomo pamenepo. Inu a James Cameron a ku Kapuskasing, ku Canada, obadwa mu 1954! Woyendetsa-lole, amene munaona Star Wars mu 1977 n'kusiya chiwongolero. Mwerenga-mabuku-a-eni, amene munaphunzira matsenga a kamera m'nyumba ya mabuku ya yunivesite imene simunalembetseko. Mvinitsa-mphutsi, amene pojambula Galaxy of Terror munalumikiza waya wa magetsi kuti mphutsi ziyambe kunyanyuka kamera ikayaka. Kanema woyamba amene anakupatsani kuti mutsogolere anali wa nsomba zouluka zodya anthu, Piranha II, ndipo mwini ndalama anakulandani musanamalize. Munapezeka ku Rome mu 1982, m'thumba muli gwa, thupi likutentha, muli gone m'kachipinda ka alendo. Usiku umenewo munalota chifuwa cha chitsulo chikutuluka m'moto, chikudzikoka pansi ndi mipeni ya kukhitchini. Ena akalota zoopsa amadzuka n'kulavula. Inu munadzuka n'kujambula papepala. Mlota-chitsulo, Wodwala-wobereka-chilombo, ng'oma iyi ndi yanu!

Lululu kwa inu, mai Gale Anne Hurd, Mayi-wa-dola-imodzi, Msunga-pangano! Nanunso munakulira pakhomo pa a Corman. Nkhani yonse munaigula ndi dola imodzi, pangano lake n'lakuti woitsogolera akhale mwini lotolo basi. Makampani anaifuna nkhaniyo koma mnyamata wa nsomba zouluka sanamufune, inu n'kukana kumugulitsa. Mutu umodzi susenza denga: wina analota, wina anayenda khomo ndi khomo mpaka a John Daly a kampani ya Hemdale anavomera, a Orion Pictures n'kulonjeza kufalitsa. Tsiku lokawakopa, mnzanu Lance Henriksen analowa mu ofesi atavala ngati chilombocho, mano atakutidwa ndi kapepala konyezimira, mabala opaka kumaso, n'kukhala phee osayankhula.

Ndalama zonse zinakwana madola 6.4 miliyoni. Kwa ife ndi phiri, inde, koma Return of the Jedi ya chaka cha 1983 inadya madola oposa 30 miliyoni. Pa msika wa Hollywood a Cameron ndi mai Hurd anali ngati mayi wopita kokagula ndiwo za ukwati ndi ndalama ya bonya.

Tsono mbalule ikwere, chifukwa mwini dzina wafika.

Iwe Chitsulo-chovala-mnofu! Chikomekome cha mkuyu, kunja thukuta ndi tsitsi, mkati waya ndi mafupa onyezimira. Mlendo-wamaliseche, wobwera ndi mphezi kumwamba kulibe mtambo, wotera pafupi ndi galimoto ya zinyalala paphiri la Griffith, n'kuima n'kuyang'ana magetsi a Los Angeles ngati mlimi woyang'ana munda wokolola mawa. Mwana wa Skynet, kompyuta ya asilikali imene anthu anaipatsa makiyi a mabomba a nyukiliya, iyo n'kuona kuti mdani wake ndi munthu aliyense. Mthenga wa chaka cha 2029, wotumidwa ndi mbuye amene wagonja pankhondo, amene anati mmera m'poyamba, ngati John Connor, mtsogoleri wa anthu, watikanika ali wamkulu, tikazule mayi wake asanaime.

Saphethira! Sapuma! Sadya-nsima! Samva-pepani! Wopanda-mtengo-wa-chiphuphu, amene sungamugwire mwendo, sungamulirire, sungamukumbutse za ana ako. Kalondolondo, Msaka-dzina, wotsegula buku la manambala a foni n'kuyendetsa chala pa maina atatu ofanana, Sarah Connor, Sarah Connor, Sarah Connor, n'kuyamba ndi wapamwamba. Amayi awiri anafera dzina lokha, osadziwa mlandu. Wolowa m'sitolo ya mfuti n'kulipira ndi chipolopolo. Wolowa m'nyumba ya dansi ya Tech Noir anthu akuvina, kadontho kofiira n'kutera pamphumi pa Sarah wachitatu.

Mkolowola-diso! Iwe amene unaima pagalasi m'kachipinda konunkha, n'kutenga kampeni, n'kuchotsa diso lako lowonongeka ngati munthu akuchotsa thekenya kuphazi, magazi n'kudontha m'madzi, kuseri kwake n'kuyaka khala lofiira. Diso-la-khala, Mvala-magalasi-usiku! Wakuba-mawu-a-mayi, iwe amene unapha mayi wa Sarah n'kuyankha foni ndi mawu ake, mwana akuulula kumene wabisala poganiza kuti akuyankhula ndi womubereka. Pamenepa ife a m'vidiyo sho tinagwirana manja, chifukwa tinakula tikuuzidwa kuti ukamva dzina lako likuitanidwa usiku, ngakhale ndi mawu a mbale wako, usavomere msanga. Mdani-wa-agalu, pakuti munthu umamupusitsa koma galu akangokununkhiza amauwa.

Ndibweranso! Limenelo ndilo dzina lako lalikulu. Wapolisi wa pakauntala anakuuza kuti dikira pabenchi, iwe n'kuyang'ana khoma, kuyang'ana galasi, kunena mawu ako aafupi aja, n'kutuluka. Unabweradi, galimoto ndi yomwe inagogoda pakhomo. Wosunga-lonjezo, Mphwasula-polisi! Thankala ya mafuta inaphulika uli momwemo, Sarah ndi Kyle, msilikali wodzamupulumutsa, n'kukumbatirana kuti zatha, ife pabenchi n'kuyamba kupuma. Ndiye zitsulo zinagwedezeka m'malawi. Wotuluka-m'moto, Mafupa-oyenda, Chibade-choseka, loto la ku Rome lija laima ndi miyendo! Anakudula pakati ndi bomba, iwe n'kumakwawabe ndi manja, zala zikukanda pansi, kufuna khosi lomwe unatumidwa.

Gu-gu, gu, gu-gu! Gu-gu, gu, gu-gu! Ngwe!

Pano nditsitse ng'oma pang'ono ndinene chimene chimandigwira mtima. Chilombo chija chinabwera chamaliseche chifukwa lamulo la nkhaniyo likuti makina obweza nthawi salola chinthu chakufa kudutsa pokhapokha chitakutidwa ndi mnofu wamoyo. Ndiye kuti palibe mfuti ya m'tsogolo, palibe chovala cha m'tsogolo, palibe galimoto youluka. Zonsezo zikanafuna ndalama zimene panalibe. Dziko la 2029 timangolisuzumira kangapo, usiku, mwa utsi. Nkhondo yeniyeni ikumenyedwa m'misewu ya 1984 imene inalipo kale, yaulere, ndi mfuti za m'sitolo ndi galimoto zakutha. Umphawi wa opanga kanema unasanduka lamulo la m'nkhani, ndipo lamulolo ndi limene linabweretsa mantha pakhomo pathu. Chilombo chokhala ku nyenyezi sichindiopsa. Chimandiopsa ndi chimene chavala jekete, chaima pamzere wa foni, chikufunsa dzina langa mwaulemu.

Ng'oma ikwerenso. Inu a Arnold Schwarzenegger a ku Thal, ku Austria, obadwa mu 1947! Mnyamula-zitsulo, Mr. Olympia kasanu ndi kawiri, Chifuwa-cha-nkhokwe. Anakuitanani kudzakambirana zokhala msilikali wopulumutsa, koma a Cameron atakuyang'anani nkhope pa chakudya anaona makina. Lilime lanu lolemera, limene ena ankati lidzakulepheretsani kukhala katswiri wa kanema, linakhala liwu lenileni la chitsulo chophunzira kuyankhula. Mawu anu m'kanema yense ndi owerengeka chabe, koma kayendedwe kanalankhula: maso kuyamba kutembenuka, mutu kutsatira pambuyo, mfuti kulira inu osaphethira. Anakudikirani miyezi mukumaliza Conan the Destroyer, ndipo kudikirako sikunapite pachabe. Mu 2003 anthu a ku California anakusankhani kukhala bwanamkubwa wawo, koma m'tinyumba ta ziguduli munali mutalamulira kale.

Tsono amayi imirirani, nthungululu zikwere, chifukwa amene tikumutchula tsopano ndiye mwini nkhani.

Iwe Sarah Connor, Make John! Kwathu mkazi amatchedwa ndi dzina la mwana wake mwanayo akabadwa, koma iwe unatchedwa Make John usanaime n'komwe, bambo wa mwanayo usanamuone. Mtsikana woperekera zakudya mulesitilanti, wosokoneza mbale za makasitomala, amene kamwana kanakuthira ayisikirimu m'thumba la epuloni. Wokwera kanjinga kamoto, wosiyidwa ndi chibwenzi Lachisanu madzulo, wopanda mfuti, wopanda ndalama, wopanda wokukhulupirira. Mayi-wa-mawa, Nkhokwe-ya-mbewu-yotsala! Unalira, unathawa, unakana kuti ine sindine munthu wotero. Koma usiku uliwonse unkauma ngati chikwanje cholowa m'moto. Unamanga bala la msilikali pansi pa mlatho. Unaphunzira kupanga mabomba ndi zinthu zogula m'sitolo, monga momwe opanga kanema wako ankapangira zodabwitsa ndi zinthu zotola. Msilikali atagwa m'fakitale, ndiwe unamudzutsa ndi mawu a mkulu wa nkhondo. Ndipo pomaliza, mwendo utalasidwa, ukukwawa pakati pa makina opsinja zitsulo, zala zachitsulo zikufika pakhosi pako, dzanja lako ndi lomwe linapapasa mpaka kupeza batani. Mzimitsa-khala! Diso lofiira lija linazilala pamaso pa woperekera zakudya.

Ulemu kwa inu, mai Linda Hamilton, amene munabinya mwendo pa kakolo kujambula kusanayambe, n'kumathamangabe m'misewu usiku ndi usiku mwendo uli womanga.

Iwe Kyle Reese, Msilikali-wa-zipsera, Wobadwira-m'phulusa! Wolanda buluku la munthu wogona mumsewu, wothawa apolisi m'sitolo n'kutulukamo ndi nsapato. Wonyamula nambala yootchedwa pamkono ngati ng'ombe ya ku dibi. Kwanu anthu amakhala m'mauna, amasaka makoswe, osati mbewa za m'munda ayi, makoswe enieni a m'mabwinja, ndipo ana amakhala mozungulira chigoba cha TV mmene mukuyaka moto, n'kumayang'ana malawi ngati kanema. Chithunzi chimenecho sindinachiiwale, chifukwa ifenso tinali ana okhala mumdima tikuyang'ana kabokosi kowala. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma apolisi anakutsekera, dokotala wa misala n'kukujambula pa tepi akuseka. Mkonda-chithunzi, iwe amene John anakupatsa chithunzi cha mayi wake, n'kumachiyang'ana m'mauna uku ukudzifunsa kuti kodi mkaziyu ankaganiza chiyani. Unadutsa zaka 45 chobwerera m'mbuyo, ulendo wopanda njira yobwererera, chifukwa cha nkhope ya papepala. Bambo-wobadwa-pambuyo-pa-mwana! A Michael Biehn anakubwereka thupi lowonda ndi maso osagona.

Ndipo chithunzi chija anachijambula ndi kamnyamata pamalo omwetsera mafuta ku Mexico, Sarah ali woyembekezera, galu ali pambali, mfuti ili pamiyendo, mtima uli pa Kyle. Chimene msilikali ankafunsa, yankho lake linali iye mwini. Nkhaniyi ndi yopota ngati nkhata ya udzu, sungaloze pomwe inayambira. Ngakhale chithunzi chomaliza chimenechi, cha msewu wa m'chipululu ndi mitambo ya mkuntho, anachijambula popanda chilolezo.

Gu-gu, gu, gu-gu! Ngwe!

Abwere amisiri a manja akuda, amene nkhope zawo sizioneka. Inu a Stan Winston, Mumba-mafupa, Msula-chibade, amene inu ndi anyamata anu munatha miyezi mukuumba chilombo cha m'loto, china cha msinkhu wa munthu, china cha theka chonyamula pamapewa. Inu a Gene Warren Jr. ndi gulu la Fantasy II, Amanga-mabwinja-patebulo, amene munapanga Los Angeles wakugwa ndi tinyumba tating'ono, tizibade tating'ono topondedwa ndi akasinja aang'ono, utsi n'kubisa malire. Thankala yophulika ija inali kachidole. Mafupa oyenda aja, akaoneka thupi lonse, anali kachidole kosunthidwa ndi dzanja pang'onopang'ono, kujambula, kusuntha, kujambula, zithunzi 24 kuti ikwane sekondi imodzi. Podziwa kuti chidole sichingayende myaa ngati munthu, anakonza zoti chilombocho chigundidwe ndi lole chiyambe kutsimphina chikadali ndi mnofu, kuti mafupa akadzatsimphina tisadabwe. Mtsimphina-mwadala! Aliyense amene anapindapo waya n'kupanga galimoto, zitsekerero za mabotolo n'kukhala matayala, bango n'kukhala chiwongolero, amisiri awa ndi akuluakulu ake. Inunso a Adam Greenberg, Mjambula-mdima, amene munasandutsa misewu yonyowa ndi magetsi a buluu kukhala dziko lina, landirani m'manja.

Tsono tafika pakati pa ng'oma, pamene pali phula.

Inu a Brad Fiedel, Woomba-yekha, Ng'oma-ya-munthu-mmodzi! Ndalama yolembera gulu lalikulu la oimba panalibe, ndiye munakhala ndi makina anu oimbira, Prophet-10 ndi Oberheim, n'kufuna kugunda kwa mtima wa chinthu chopanda mtima. Pozungulitsa kagundidweko pamakina, chala sichinagwe pa nthawi yake yeniyeni, mzere n'kutsekeka mopendama. Munamvetsera n'kuona kuti kupendamako ndiko kukoma kwake, simunakonze. Akatswiri atadzawerenga anapeza kuti kagundidwe kake ndi ka 13 pa 16, kosagawika pawiri, kosagubika ngati nyimbo ya asilikali, kogwa pamene phazi silikuyembekezera. Woomba mbalule aliyense angakumvetseni, pakuti iyenso amadula pakati pa anzake kuti wovina adzidzimuke. Ndipo kulira kwa chitsulo kuja, ngwe uja amene anatiumitsa pabenchi, munamupeza pomenya chiwaya cha kukhitchini. Chiwaya, abale! Liwu la makina otha anthu onse linatuluka m'chiwiya chokazingira mazira. Bambo wa tchipisi uja, pogogoda chiwaya chake kuseri kwa ziguduli, ankaomba ng'oma imodzi ndi Hollywood. Mmenya-chiwaya, nyimbo ino yatchedwa ndi dzina lanu!

Gu-gu, gu, gu-gu! Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Kanemayu anatuluka pa 26 Okutobala 1984, n'kubweza madola 78 miliyoni. Mu 2008 nyumba ya mabuku ya Library of Congress inamuika m'gulu la makanema oyenera kusungidwa mpaka kalekale. Njovu ikagwa mudzi wonse umabwera ndi mipeni, ndipo ine sindinyoza amene anabwera. Alowe m'bwalo mothamanga, aliyense ndi sitepe yake.

Trancers wa a Charles Band, wa chaka chomwecho, mmene wapolisi Jack Deth amabwerera m'mbuyo polowa m'thupi la kholo lake, ngati mzimu woyenda chobwerera kuchoka kwa mdzukulu kupita kwa agogo! Eliminators wa 1986, ndi Mandroid wake, munthu kumtunda, kasinja kumunsi! Hands of Steel wa a Sergio Martino a ku Italy! Shocking Dark wa a Bruno Mattei, amene mu 1989 anadzitcha Terminator wachiwiri mwini dzina asanabereke wachiwiri! Lady Terminator wa ku Indonesia, amene anatenga chilombo cha ku America n'kuchikwatitsa ndi nthano ya kwawo ya mfumukazi ya nyanja ya kummwera! Hardware wa 1990, wa a Richard Stanley obadwira ku South Africa, mmene chibade cha loboti chotoledwa m'chipululu chimadzilumikiza chokha m'nyumba ya mkazi wosema zitsulo!

Inu a Albert Pyun a ku Hawaii, Mtola-zotsala, ndikupatsani sitepe yaitali. Kampani ya Cannon itasiya makanema awiri amene inali itamangira kale mabwalo ndi kusokera zovala, inu munalemba nkhani yatsopano yokwana m'zotsalazo, n'kuitana Jean-Claude Van Damme, ndi ndalama zosakwana theka la miliyoni n'kutulutsa Cyborg mu 1989. Ena mwa anthu ake munawatcha maina a magitala. Kenaka Nemesis mu 1992, kenaka wachiwiri wake, mmene khanda limathawitsidwa kuchoka m'tsogolo kukabisidwa kum'mawa kwa Africa. Munatisiya mu 2022 ntchito ili m'manja. Olemba za makanema ambiri sanakulemekezeni, koma mabolodi a choko anakulembani kosawerengeka.

Manborg wa a Steven Kostanski a ku Canada, wa 2011, wopangidwa ndi madola pafupifupi 1,000 ndi zinyalala zotola! Ndi inu a Nabwana I.G.G. a ku Wakaliga, mu Kampala, amene Who Killed Captain Alex? munamupanga mu 2010 ndi ndalama zosakwana madola 200, mfuti zosula ndi zitsulo zakutha, VJ Emmie akufuula pamwamba pa zithunzi! Mulibe loboti mmenemo, koma magazi ndi amodzi.

Ndisaiwale a kwathu. Inu ma DJ omasulira makanema m'Chichewa, Apatsa-lilime, amene mumakhala pa maikolofoni n'kuyankhulitsa msilikali wa ku Los Angeles ngati mnyamata wa ku Ndirande kapena wa ku Kawale! Ife a masiku a tepi tinalibe mwayi umenewo. Tinali ndi mnzathu mmodzi wa fomu thu wokhala pakati pa benchi, aliyense akumukoka malaya kuti wati chiyani, wati chiyani. Iyenso ng'oma imukumbuke.

Mu 1991 a Cameron anabweranso ndi Terminator 2, thumba lili ndi madola pafupifupi 100 miliyoni, loboti wosungunuka ngati mtovu wopangidwa pa kompyuta, chilombo chakale chitasanduka mlezi wa mwana. Ndi kanema wokongola, ndinamuonera kangapo ndipo ndidzamuoneranso. Pambuyo pake kunabwera Titanic ndi Avatar, ndalama zosawerengeka. Koma amene amandilotetsa mpaka lero ndi woyamba uja, wa mdima, wa chidole chotsimphina, wa mtsikana wa epuloni. Mmenemo mumamveka njala ya anthu amene ankadziwa kuti akalephera apa sadzapatsidwanso kamera, ndipo njala imeneyo inalowa m'miyendo ya Sarah ndi m'maso a Kyle. Chaka cha 2029 tinkachiona ngati kutsidya kwa nyanja. Lero makina akuyankhula ndi mawu a anthu, ndege zopanda woyendetsa zikusaka adani pankhondo, ndipo foni ya mayi wa Sarah ija yasiya kukhala nthano.

Gu-gu, gu, gu-gu!

Inu amene mwakhala m'bwalo lino mpaka ng'oma kuzizira, kamufuneni kanema wa 1984 ameneyu. Mukamuonere usiku, magetsi mutazimitsa, muli ndi anzanu pabenchi limodzi, ndipo mutenge mwana uja wopinda magalimoto a waya akhale kutsogolo. Zilembo zikayamba kuyenda pamdima musayankhule. Tcherani khutu pansi pa makina onse aja, mumva chiwaya chikulira.

Ngwe!